Jeke Ankati Adzapuma

Dzina lake lenileni linatsalira pa chiphaso cha ntchito. Pabwalo la nyumba yosungiramo katundu aliyense ankamutchula kuti Jeke, ndipo ngakhale mkazi wake akapsa mtima ankaiwala ulemu n'kumuitana choncho. Dzinali analipata ali mnyamata, tsiku limene kagalimoto kodzaza matumba kanagwetsera tayala lakumbuyo m'ngalande ya pageti. Dalaivala anafunafuna jeke pansi pa mpando, osamupeza. Mnyamatayo anangovula malaya, kulowetsa msana pansi pa bodi, n'kukankha mpaka anzake atalowetsa miyala. Kuyambira tsiku limenelo, ndani akanamuuzanso kanthu za thupi lake?

Ntchito yake inali imodzimodzi moyo wake wonse: kuchotsa thumba pamene lili n'kukaliika pamene kapitawo waloza. Lole ikaima pakhomo ankatsamiritsa thabwa lalitali kuchokera pabodi kufika pansi, anthu n'kumakwera ndi kutsika pathabwapo ngati nyerere. Simenti, feteleza, mchere, shuga, zonsezi zinadutsa pakhosi pa Jeke. Anali ndi chiguduli chake chimene ankachipinda n'kuika paphewa, chakuda bii ndi thukuta, ndipo wina akangochigwira pankabuka nkhondo. Mpando pabwalopo unali umodzi wokha, wa kapitawo. Masana Jeke ankadya ataimirira, maso ali pageti, poti lole ina inkakhala ikuliza kale hutala kunja.

Koma kunyada kwake munthu uyu! Ankati akapinda mkono, ana a m'dera lawo ankabwera kudzadina ndi zala kuti aone ngati mkati muli mwala.

"Ife thupi timalimbitsa pantchito," ankatero. "Ena amachita kuligulira nsapato."

Enawo anali achimwene ake. Iwowa anabadwa ofooka, a chifuwa chosatha, ovala juzi dzuwa likuswa mtengo. Ali ana, ndowa ya madzi inkawagwetsa, ndiye makolo anangoti uyu apitirize sukulu, winayu ali ndi msana. Anadzakhala kalaliki pa ofesi ina m'tauni, ndipo aliyense ankawadziwa kuti Akalaliki. Kamimba katayamba kutuluka chifukwa chokhalitsa pampando, anagula kabudula ndi nsapato zoyera, nayamba kuthamanga mozungulira bwalo la mpira madzulo akaweruka. Tsono njira ya Jeke yopita kunyumba inkadutsa m'mbali mwa bwalo lomwelo. Akanamangodutsa ali chete, bwenzi nkhani ino isakuwawa chonchi.

"Achimwene! Mwaba chiyani? Akukuthamangitsani ndani?" ankakuwa, nkhope ili mbuu ndi simenti.

Akalaliki ankangokweza dzanja, akupumira m'mwamba.

"Thukuta lotaya chabe limenelo! Bwerani mawa mudzatsitse lole imodzi, mimbayo idzathawa yokha. Koma musadandaule, achimwene, tsiku lanu likadzafika bokosi lanu ndidzanyamula ndekha, paphewa limodzi. Simudzavutitsa anthu."

Anyamata osewera mpira ankafa nazo kuseka. Tsiku lina Akalaliki anaima, nagwira m'mawondo, namudikira kuti afike pafupi.

"Seka, mng'ono wanga. Koma ine ndikatopa ndimaima. Iwe ukatopa amakuimitsa ndani?"

"Ndidzapuma," anatero Jeke, n'kumapita akuimba mluzu.

Mawu amenewa ndiwo anali yankho lake pa chilichonse. Msana ukamugwira moti nsapato n'kuchita kumuvula mkazi wake, ndidzapuma. Mutu ukamawawa kunkhongo ngati wina akukhoma msomali, ndidzapuma. Lamulungu, tsiku lokhalo limene geti linkakhala lotseka, ankapita kukasamutsa anthu, kunyamula makabati ndi mabedi pamutu, kapena ankangogwa pamphasa n'kugona ngati wakufa mpaka kunja kuchita mdima. Ana awo anakula akudziwa bambo awo m'njira ziwiri zokha: atanyamula kanthu kapena ali mtulo.

Mkazi wake ankachapira anthu zovala, ndipo sanali munthu wopempha zambiri. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamudya mumtima. Lamulungu madzulo ankaona alamu akewo ndi akazi awo akuyenda pang'onopang'ono kuzungulira bwalo lija, akucheza, manja ali lende, osapita kulikonse. Iye chikwatiwire anali asanayendepo ndi mwamuna wake choncho. Akapita kumsika Jeke ankabwera ndi thumba la makala paphewa. Akapita kukaona wodwala ankapezeka wasenzera munthu wina katundu panjira. Mkaziyo ankangotsatira pambuyo, akuyankhula ndi thumba.

"Bambo, tiyeni nafenso tikayende tsiku lina," anatero nthawi ina akumuthowa mapewa ndi madzi otentha. "Osanyamula kanthu. Kungoyenda basi."

"Kuyenda osapita kulikonse? Si misala imeneyo, mayi?"

"Misala yomweyo ndikuifuna."

Jeke anaseka, koma anamva kuti mawuwo achokera pansi pa mtima. Anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Chabwino. Ndikadzapuma tidzazungulira bwalo lonse lija, inu ndi ine, manja ali lende. Anthu azidzati kwabwera mabwana. Ndalonjeza."

Mkaziyo analisunga lonjezolo ngati mmene ankasungira diresi lake lobiriwira pansi pa sutikesi. Jeke nayenso, ngakhale sankanena, anayamba kulikonda. Akamatsika pathabwa thumba lili pakhosi ankaliona tsikulo: dzuwa lapendeka, iye wavala malaya oyera, mapewa ali opepuka. Chimenecho ndicho chinali chuma chake chonse cha m'tsogolo, ulendo umodzi wopanda katundu.

Koma inu, munamuonapo wonyamula katundu wa imvi mutu wonse? Pabwalo paja okalamba anali awiri, kapitawo ndi mlonda, ndipo onsewo ntchito yawo inali yoyang'ana. Anzake a Jeke amene anayamba nawo limodzi anatha mmodzimmodzi. Wina amene ankamutcha Chipewa anakhala pathumba la mchere masana ena kuti apumeko, ndipo atapita kukamudzutsa anapeza wazizira kale. Wina anafa ziwalo mbali imodzi, n'kumakhala pakhonde kwawo malovu akutsika. Pamaliro onsewa Jeke ndiye ankagwira kutsogolo kwa bokosi, ndipo pobwerera ankati anzakewo anali ndi magazi ofooka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma Jeke mwambi umenewu ankauona ngati wa anthu ena.

Zinayamba ndi mapazi. Madzulo ankatupa, ndipo ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kenaka thabwa lija linayamba kutalika. Ankati akafika pamwamba, maso ankachita mdima, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndiye ankanamizira kukonza chiguduli kuti apezeko mpweya. Usiku sankathanso kugona chagada. Mkazi wake analankhula, analira, anaitana alamu ake, mpaka Jeke anavomera kupita kuchipatala kuti anthu amuleke.

Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wawo woyamba. Anamuyeza magazi pamkono, nabwereza, namvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenaka anamutumiza ndi mkazi wake kukajambulitsa chifuwacho. Atabwerera anakweza chithunzicho pawindo.

"Bambo, mtima wanu wakula."

"Zimenezo n'zakale, adokotala," anatero mkazi wake. "Kukula mtima anayamba tisanakwatirane."

Jeke anaseka mpaka kutsokomola. Dokotala anangomwetulira pang'ono, n'kufunsa ngati amachita masewera olimbitsa thupi.

"Masewera? Mwana wanga, tandigwirani apa." Anapinda mkono. "Ine ndimatsitsa malole. Zamasewerazo kafunseni achimwene anga, amene amathamanga popanda wowathamangitsa."

"Achimwene anuwo ndi aakulu kwa inu?"

"Kutalitali. Koma ndikhoza kuwanyamula ndi dzanja limodzi."

Dokotala anaika chithunzi patebulo, nakoka mpando wake kufika pafupi.

"Mvetserani, bambo. Achimwene anu akathamanga, mtima umagunda kwambiri kwa kanthawi. Kenaka amaima, amakasamba, amagona, mtimawo n'kubwerera m'malo uli wolimbirapo. Wanuwu umayamba kukoka m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mawa chimodzimodzi, zaka ndi zaka, osaupatsa mpata. Mukamanga mpweya kuti mudzutse thumba, magazi amakankha ngati madzi m'paipi yotseka kukamwa. Thukuta n'lofanana, koma iwo akunola mpeni, inu mukudulira miyala. Mtima wanu watopa. Siyani zonyamula, mupume. Muzimwa mankhwalawa tsiku lililonse, ndipo madzulo muziyenda pang'onopang'ono. Kuyenda ndi mankhwala."

"Ndikapuma tizidya chiyani?"

Dokotala anabwezera mpando wake kutebulo. Anangoyang'ana pansi, n'kulemba.

Pa mawu onse aja, Jeke anatola atatu okha. Asanatuluke n'komwe pageti la chipatala anali atawakonza kale kuti amukomere.

"Mwamva nokha, mayi. Ati kuyenda ndi mankhwala. Nanga ine pathabwa paja ndimatani tsiku lonse? Si kuyenda kumeneko? Ndiye kuti mankhwala ndimamwa kale ochuluka kuposa achimwene."

"Jeke iwe! Anati usiye kunyamula!"

"Ndidzapuma. Mwana womalizayu akangomaliza sukulu."

Musamuseke msanga. Sikuti sanamve ayi. Anamva zonse, ndipo mantha anamugwira ndithu. Koma nyumba inali ya lendi, mwana anali pasukulu, ndipo dzanja lake silinkadziwa cholembera, makina kapena chiwongolero. Linkadziwa khutu la thumba basi. Munthu wotere ukamuuza kuti ntchito yake ikumupha, umakhala wamuuza kuti asankhe imfa yomwe akuifuna. Ndiye anasankha yomwe ankaidziwa njira yake.

Mankhwala aja anabweretsanso vuto lawo. Kam'bulu kamodzi kanali kochotsa madzi m'thupi, ndipo akamwa m'mawa ankathamangira kuchimbudzi pafupipafupi. Chimbudzi chinali kuseri kwenikweni kwa bwalo, ndipo mzere wa pathabwa sudikira munthu.

"Jeke, wayamba kugwira ntchito kuchimbudzi tsopano?" anakuwa kapitawo tsiku lina, anyamata atsopano n'kuseka.

Manyazi anamugwira. Kuyambira pamenepo kam'buluko ankamwa Lamulungu lokha, masiku ena n'kumakaponya m'ngalande ya pageti, yomwe ija inamupatsa dzina. Kunyumba mkazi wake ankaona mankhwala akuchepa m'botolo, mtima n'kukhala m'malo.

Tsiku limene zinathera kunabwera lole ya simenti dzuwa lili pamutu. Jeke anasenza thumba, natsika masitepe ochepa pathabwa, kenaka miyendo inangokana. Thumba linatsetsereka pamsana n'kuphulika pansi, fumbi kuti kobo. Iye anakhala pathabwa pomwepo, kukamwa kuli yasa, akufunafuna mpweya ngati nsomba yoponyedwa pamchenga. Anyamata anaima pambuyo pake matumba ali pakhosi, osadziwa kuti amudumphe kapena adikire.

Kapitawo anabwera, namuyang'ana mapazi amene anali atatupa mpaka kusefukira m'nsapato.

"Jeke, kapume."

Jeke anakwawira pamthunzi wa khoma. Mpweya utabwerera pang'ono anadzuka, nakung'untha chiguduli chake, n'kukaima pamzere. Kapitawo anamugwira pamkono, ndipo ulendo uno analankhula motsitsa mawu.

"Sunandimve, m'bale wanga. Sindikunena za lero. Kapume kunyumba. Sindifuna za Chipewa zichitikenso pano."

Umo ndi mmene kupuma kuja kunafikira. Kunalibe nyimbo, kunalibe womugwira chanza. Anatuluka pageti chiguduli chili m'manja, lole ina ikulowa, ndipo mlonda anachita kumukokera pambali kuti isamugunde.

Kunyumba masiku anali aatali ngati chaka cha njala. Ankakhala pampando pafupi ndi khomo, miyendo ataisanjika pa ndowa yovundikira. Mikono ija inaphwa, khungu n'kumalendewera, pamene miyendo ndi mimba zinkangotupirabe. Kugona kunali kokhala tsonga, atatsamira mapilo ndi zovala za anthu zodikira kusita. Mankhwala anayamba kumwa mokhulupirika tsopano, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Kuchokera pampando kufika pampopi wa panja unali ulendo wofuna kukonzekera. Chinkamupweteka koposa n'chakuti thupi limene ankalikhulupirira kuposa munthu aliyense ndilo linamugulitsa. Ankayang'ana manja ake n'kumadzifunsa kuti mphamvu zonse zija anazisiya kuti. Zinali m'makoma a nyumba za anthu, m'minda ya anthu, m'tiyi wa anthu. Kwa iye sikunatsale kanthu.

Lamulungu lina madzulo, dzuwa litapendeka, anaitana mkazi wake.

"Mayi, ndapuma tsopano. Tulutsani diresi lija."

"Bambo, simungathe."

"Anati kuyenda ndi mankhwala. Ndipo ndinalonjeza. Mukufuna ndipite ndi bodza?"

Mkaziyo analowa kuchipinda, nakhalitsako kuposa mmene kuvala diresi kumatengera. Atatuluka maso anali ofiira. Anamuveka malaya oyera, ndipo poti nsapato sizinkalowanso, anazicheka pamwamba ndi lumo kuti mapazi apeze malo.

Anatuluka, manja ali lende. Anadutsa pampopi, amayi otunga madzi nawapatsa moni mwaulemu wa kwa odwala. Anadutsa pa kanyumba ka wometa. Kwa kanthawi kochepa zinali monga ankazionera ali pathabwa: mphepo inkalowa m'malaya, mkazi wake anali pambali pake osati pambuyo, ndipo ankamuona nkhope. Anafuna kunena kanthu koseketsa, koma mawu ndi mpweya sizinkakwanira limodzi, ndiye anangomugwira chala.

Atafika pa mtengo wa magetsi anaima, nanamizira kuwerenga chipepala chomatidwapo, iye wosadziwa kuwerenga. Mkazi wake anaima naye n'kumayang'ananso chipepalacho. Pa mtengo wotsatira anakolekapo mkono wonse. Bwalo linali likuoneka tsopano, magolo ake ndi fumbi la ana osewera. Linali pafupi moti kale akanafikapo ndi kabati pamutu asanamalize kuimba mluzu nyimbo imodzi. Anachotsa mkono pamtengo, naponya phazi limodzi, lachiwiri, n'kukhala pansi m'mphepete mwa ngalande. Milomo inali itachita bii.

"Mayo ine! Anthuni, thandizeni!" anakuwa mkazi wake.

Amene anafika poyamba anali Akalaliki, akuchokera kubwalo kumene anasiya akazi awo, mutu uli mbuu ndi imvi, nsapato zawo zoyera zitafiira ndi fumbi. Anathamanga mtunda wonsewo, koma atafika ankalankhula bwinobwino.

"Mlamu, muvuleni nsapatozo zikumuthina. Galimoto tikaipezera kunyumba. Iwe, kwera."

Anagwada kutsogolo kwake, nalozetsa msana. Jeke anauyang'ana msanawo, wopyapyala, mafupa akuonekera m'malaya onyowa. Ndi msana womwe uja unkalephera ndowa ya madzi. Anapukusa mutu.

"Kwera, ndati! Ukufuna ufere m'ngalande?"

Anthu anamuthandiza kukwera. Akalaliki anayesa kudzuka, nadzandira.

"Osati ndi msana, achimwene," ananong'ona Jeke, mawu akudukaduka. "Pindani mawondo. Katundu akhale pamwamba. Mukatero dzukani kamodzi."

Anadzuka. Anayamba kubwerera njira yomwe ija, kusiya bwalo kumbuyo. Wometa anatuluka lumo lili m'manja, amayi a pampopi anasiya ndowa zikusefukira, ndipo panalibe anaseka. Jeke anabisa nkhope pakhosi pa achimwene ake. Ankamva mtima wawo ukugunda kudzera mumsana, mwamphamvu, mosaphonya, ngati munthu wokhoma misomali amene akudziwa ntchito yake. Wakewo unkangophiriphitha. Misozi inatsika yokha n'kusakanikira ndi thukuta la mkulu wake, lomwe lija ankaliti lotaya chabe.

"Achimwene, za bokosi zija…"

"Khala chete. Sunga mpweya."

"Ndinkati ndidzanyamula ndine."

"Ndati khala chete, mng'ono wanga." Sanayang'ane kumbuyo.

Atafika pa mtengo wa magetsi woyamba uja Akalaliki anaima, natsamira, Jeke ali kumsana.

"Ndatopa. Tiime kaye."

Anaima. Palibe anawakalipira, palibe analiza hutala. Anapuma mpaka mpweya wawo unabwerera, monga ankachitira madzulo aliwonse kubwalo kuja. Mkazi wa Jeke anafika pambali pawo ndi diresi lake lobiriwira, atakumbatira nsapato zochekachekazo pachifuwa. Ngakhale ulendo uwu sanauyende chimanjamanja. Anayang'ana manja a mwamuna wake akulendewera pachifuwa pa alamu ake, ali lende monga analonjezera, ndipo anafulumira kuyang'ana kumbali.

Kenaka anamupukuta pamphumi ndi nsonga ya mpango.

"Pumani, bambo. Palibenso chonyamula. Pumani."

Jeke anatsegula kukamwa, nakoka mpweya, nakokanso, mapewa akukwera ndi kutsika pamsana pa mkulu wake.

"Ndikuyesa, mayi," anatero. "Sukulowa."